Ukwati wa ku Dedza ndi buku la masamba 40

Ntchito yojambula zithunzi za ukwati umenewu inandipeza pafoni mu Meyi 2024. Anaimba anali mayi wina wa ku Dedza amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo nkhani yake inali yakuti mng'ono wawo akulowa m'banja mu Julayi. Ndisanatchule n'komwe mitengo yanga, anandidula. "Achimwene, za vidiyo ndi mafulemu aakulu tipeza ena. Kwa inu ndikufuna zithunzi zoti timate m'buku, buku loti amayi azilinyamula m'manja n'kumatsegula." Bukulo anali atagula kale komweko, lija amati scrapbook, la mapepala olimba 20, ndiye kuti masamba 40, tsamba lililonse masentimita 30 m'litali ndi m'lifupi momwe. Lilibe timatumba tolowetsamo zithunzi. Umamata wekha, umalembanso wekha.

Chimene chinawafunitsa buku lotere anandiuza tsiku lomwelo. Makolo awo anamangitsa ukwati kutchalitchi m'zaka za m'ma 1980, ndipo zithunzi zake zinkakhala mu alubamu ija ya masamba onata okutidwa ndi pulasitiki. Zaka zitapita, ulimbo wake unasanduka wachikasu n'kugwira zithunzi moti ukati uchotse chimodzi chinkang'ambika. Zotsala zinatha ndi mvula chaka china denga litadontha. Chinapulumuka chimodzi chokha, ndipo bambo awo anatisiya kale.

Maukwati ndajambula ambiri mu Lilongwe muno, ndipo chizolowezi chathu ojambula tikuchidziwa tonse. Timawomba zithunzi chikwi kapena kuposerapo, timasankha, timaika mu flash, tatha. Zambiri sizitsukidwa n'komwe. Zimakhala mufoni mpaka foniyo itabedwa kapena kufa. Apa zinthu zinayenera kuyambira kumapeto, pa pepala, ndiye ndisanakhudze kamera ndinatenga kope n'kulemba mabokosi 40. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimalowa kasanu ndi kamodzi pa tsamba la 30, koma ukaika zonsezo malo olemba atha. Tinagwirizana zitatu pa tsamba, masamba ena chimodzi chachikulu, ndipo tonse tinaona kuti buku lonse silingapitirire zithunzi 110. Kenako tinagawa masambawo pafoni, iwo akutchula, ine ndikulemba: la makolo, a kuphika, a kuvala, a kutchalitchi, a mabanja, a perekani-perekani, ndi awiri omaliza oti ankhoswe a mbali zonse alembepo mawu awo ndi dzanja lawo. Tinasiyanso malo a zinthu zimene si zithunzi, monga khadi loitanira anthu, pulogalamu ya kutchalitchi, kansalu ka chitenje cha yunifomu cha akuchikazi ndi kaliboni ka pa galimoto ya akwati.

Ndinatsika ndi msewu wa M1 Lachisanu masana n'kukagona kumudzi komweko, kunja pang'ono kwa boma. Chinkhoswe chinali chitachitika kale ine kulibe, koma katundu amene ankhoswe anapatsana anali m'nyumbamo: lichero, mthiko, chipande, tsache, khasu ndi nkhwangwa. Ndinaziyala pa mphasa kuseri kwa nyumba kumene kunali mthunzi n'kuzijambula chimodzichimodzi, kenako zonse pamodzi. Zithunzi zoterezi mu flash palibe amaziyang'ana kawiri, koma m'buku zimagwira ntchito, chifukwa pambali pake munthu amalemba amene anapereka ndi mawu amene ananena popereka.

Madzulo omwewo amayi a mkwatibwi anatulutsa chithunzi chija chotsala. Chinali m'Baibulo, chokulungidwa m'kapepala. Bambo ali mu suti ya kolala yaikulu, dzanja limodzi lili paphewa la amayi, ndipo ngodya ya kumanzere inadyedwa ndi madzi mpaka nsapato imodzi sioneka. Mwana wawo wa ku Johannesburg, amene anali atafika Lachitatu, ankafuna kuti chimatidwe pa tsamba loyamba. Ndinawaletsa. Chinthu chimene chatsala chimodzi sichimatidwa. Ndinachigoneka pa tebulo pakhonde, kamera ndinaiika pa tripod, choimikira chake cha miyendo itatu, kuyang'ana pansi molunjika kuti chisaoneke chopendekera, lenzi ya 50mm pa f/8, ndiye kuti bowo lolowetsa kuwala lotsegula pang'ono, fulashi osayatsa chifukwa ikanangonyezimira pa pepalalo. Atachiona pa kamera anandifunsa ngati ndingafufute banga la madzi lija pa kompyuta. Ndikanatha. Koma amayi anapukusa mutu. "Lisiyeni choncho, bambo. Ndi mmene ndachidziwira zaka zonsezi." Chinalowa m'buku ndi banga lake, ndipo chenichenicho chinabwerera m'Baibulo.

Loweruka ndinadzuka 4 koloko m'mbandakucha. Amene anagonako ku Dedza mu Julayi akudziwa kuzizira kwake, kumalowa m'mafupa, ndipo nkhungu inali itaphimba mudzi wonse moti lenzi inkachita mame ndikangoitulutsa m'chikwama. Kuseri amayi a mpingo ndi a m'mudzi anali atayamba kale. Mapoto aakulu ali pa mafuwa, wina akusenda kachewere, wina akusosola nkhuku, ndowa za thobwa zili pamzere. Ndinayamba ndapereka moni n'kupempha chilolezo, ndipo wina anayankha, "Mutijambule tili mu utsi chonchi? Dikirani timange maduku bwino." Ndinadikira. Ndinawajambula ataima mwaulemu monga anafunira, kenako atabwerera ku ntchito n'kundiiwala ndinajambula zimene ndinadzera: manja awiri atagwira mthiko waukulu, nkhope yowalitsidwa ndi moto mbali imodzi, nthunzi ikutuluka mumphika wa mpunga. Kuwala kunali kwa moto wokha, ndiye ISO, imene imathandiza kamera kujambula mumdima, ndinaikweza kufika 6400, liwiro lowombera 1/125 ya sekondi. Pa kompyuta zithunzi zotere zimaoneka za mchenga, koma pa pepala la 10 kwa 15 mchengawo suoneka. Ichi ndi chimodzi mwa zimene kujambulira buku kumamasula. Ophikawa kawirikawiri safika kutchalitchi, ku holo amalowa phwando litatsala pang'ono kutha, ndiye maukwati ambiri amatha opanda chithunzi chawo ngakhale chimodzi. M'buku ili anatenga masamba anayi.

Pali agogo a mkwatibwi, amayi awo a amayi, amene maso anachita khungu ndipo miyendo siwalolanso kuyenda mtunda. Zinadziwika kale kuti kutchalitchi sapita. Mkwatibwi atamaliza kuvala, galimoto ikuliza hutala panja, anati sanyamuka asanalowe kwa agogo. Analowa atanyamula deresi m'manja kuti lisakhudze pansi, n'kugwada pa mphasa. Agogo anatambasula dzanja, n'kupeza mutu wa mdzukulu wawo, n'kuyamba kupapasa velo ndi nsonga za zala, kuchokera pamphumi kutsika nayo mpaka paphewa, pang'onopang'ono, akufinya timikanda ta m'mphepete kamodzikamodzi. Sanalankhule kanthu kupatula kumutchula ndi mfunda wake. Nyumbayo ili ndi kazenera kamodzi, ndiye ndinaima pambali pa khomo kuti ndisatseke kuwala kolowera pamenepo. Ndinajambula zitatu zokha: dzanja lili pa velo, nkhope ziwirizo, ndi chipinda chonse. Ndinali nditaona kale m'mutu mwanga kuti zidzatsatizana pa tsamba limodzi kuchokera pamwamba kutsika pansi, kumanja kwake kutatsala malo olemba.

Ndinene pano za kajambulidwe kake, chifukwa ndi pamene ntchitoyi imasiyana kwambiri ndi ya masiku onse. Chithunzi cholowa mu scrapbook chimakumana ndi sizasi. Wina adzachidula kuti chikhale chofanana mbali zonse, wina adzachizunguliza, wina adzaphimba ngodya yake ndi khadi. Ndiye tsiku lonse ndinkabwerera m'mbuyo phazi limodzi kuposa mmene ndimaimira nthawi zonse, kusiya mpata pamwamba pa mitu ndi m'mbali. Chochitika chilichonse chachikulu ndinkachijambula choimirira ndi chogona chomwe, kuti womata adzasankhe chimene chikulowa pamalopo.

Kutchalitchi abusa anandiuza malamulo awo tisanayambe. Fulashi ayi pa nthawi ya pemphero ndi malumbiro, ndipo ndisadutse kutsogolo kwa guwa. Ndimagwirizana nawo malamulo amenewa. Ndinakhala kumbali imene mazenera anali kumbuyo kwanga, lenzi ya 50mm pa f/2, bowo lake lotsegula kwambiri, ISO 3200. Vuto la ukwati woyera kwathu kuno wojambula aliyense amalidziwa: deresi loyera mbee, suti yakuda, nkhope zakuda, zonse m'chithunzi chimodzi. Ukaisiya kamera kuti iganize yokha, imaona kuyera kwa deresi n'kuchepetsa kuwala, nkhope n'kumira. Ukatsegula kwambiri kuti nkhope zioneke, maluwa osokedwa pa deresi amafufutika. Ndinajambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umalola kukonza kuwala pambuyo pake, ndikuyeza kuti deresi lifike m'malire koma lisapse, nkhope n'kudzazikweza pa kompyuta. Anthu oimirira ndi mafoni pakati pa njira analipo monga mwa masiku onse. Mkulu wa mpingo mmodzi anandithandiza kuwakhazika pansi pa nthawi ya mphete.

Titatuluka, dzuwa linali litakwera ndipo nkhungu itabalalika. Mu Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye khoma la kummwera kwa tchalitchi linali ndi mthunzi wabwino, ndipo zithunzi za mabanja tinajambulira pamenepo kuti anthu asatsinzine. Apa ndinali ndi wondithandiza amene tinamukonzeratu, mtsikana wa Fomu 3, msuweni wa mkwatibwi, atanyamula kope ndi bolopeni. Ndikajambula gulu ndinkamuuza nambala ya chithunzi, iye n'kulemba mayina kuchokera kumanzere kupita kumanja, ubale wake ndi mudzi wochokera. Lero aliyense amadziwa kuti awa ndi azakhali a ku Ntcheu. Mwana wa akwatiwa akadzatsegula bukuli ali ndi zaka 20 adzafuna womuuza. Zithunzi za akwati awiri, phiri la Dedza ndi mitengo yake ya paini zili kumbuyo, tinazithamangira mphindi 15 zokha chifukwa madalaivala ankafulumira. Zinatuluka bwino, ndipo za izo ndilibe zambiri zonena.

Holo inali ya malata opanda siling'i, ndiye kuwombetsa fulashi kudenga kuti kuwala kubwerere mofewa sikukanatheka. Ndinamangirira kakhadi koyera pamutu pa fulashi n'kuyenda nako choncho. Perekani-perekani anatenga maola atatu. MC amaitana gulu ndi gulu, akuchimuna, akuchikazi, a kwaya, anzake a kuntchito a mkwati, ochokera ku Lilongwe, ndipo gulu lililonse limadzuka kangapo. Ndinadziikira lamulo loti gulu lililonse ndilipeze bwino kamodzi, pa ulendo wake woyamba pamene anthu ali ndi mphamvu ndipo zovala zisanakwinyike. Ndinagwada pafupi ndi mkwati amene ananyamula lichero, kamera ikuyang'ana m'mwamba pang'ono, liwiro 1/200, fulashi n'kumaimitsa ma K50 ndi ma K100 ali m'malere. Magetsi anazima chapakati, jenereta isanalire panadutsa mphindi zingapo, ndipo anthu anapitiriza kuvina ndi nyimbo za pakamwa ndi nthungululu, zitseko zonse atatsegula. Zithunzi za mphindi zimenezo, zowala ndi dzuwa la pakhomo lokha, ndi zina mwa zimene ndimazikonda.

Mwini ntchito ankafuna kumata ndalama imodzi ya mulichero m'bukumo. Ndinawauza kuti Reserve Bank yakhala ikudandaula ndi mmene timawonongera ndalama za mapepala pa maukwati, kuziponda ndi kuzikwinya, ndiye kuipakanso ulimbo sikungakhale bwino. Komanso ndalama yoyenda m'manja mwa anthu imakhala ndi mafuta ndi litsiro zimene zimadetsa tsamba. Tinajambula lichero lodzaza lili pa tebulo la osintha ndalama, ndipo chithunzicho n'chimene chinalowa.

Usiku womwewo ndinakopera zonse mu laputopu ndi mu hard drive ina, makhadi osafufuta. Kusankha kunanditengera masiku anayi. Kutsuka ndiko kunali ndi zake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zochokera kunja zinakwera, mapepala a zithunzi nawo, ndiye kutsuka zonse kawiri sikukanatheka. Ndinayamba ndatsukitsa zisanu ndi chimodzi zoyesera. Zinatuluka nkhope zili zotuwa, chija cha pa moto chitawalitsidwa mpaka usiku kuoneka ngati masana. Makina a malo otsukirawo amakonza okha mtundu ndi kuwala kwa chithunzi, ndipo khungu lakuda amaliphonya kawirikawiri. Ndinapempha kuti azimitse zimenezo, atsuke mmene ndaperekera. Ndinawonjezeranso kuwala pang'ono pa zonse, chifukwa sikirini imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Pepala ndinasankha losanyezimira. Lonyezimira limagwira zala, ndipo m'nyengo ya mvula zithunzi ziwiri zoyang'anizana m'buku lotseka zimatha kumatana.

Pa chithunzi chachikulu cha banja lonse ndinalakwitsa. Kamera yanga imajambula mulingo wa 3 kwa 2, umene umalowa ndendende pa pepala la 10 kwa 15. Pepala la 20 kwa 25 lili pa mulingo wa 4 kwa 5, ndiye makina akafuna kulidzaza amadula m'mbali. Ndinaiwala kunena, ndipo chithunzi chinatuluka atsibweni a mkwatibwi, eni mbumba, atadulidwa pakati kumapeto kwa mzere. Ndinachitsukitsanso ndi ndalama zanga, ndikuwauza kuti chilowe chathunthu m'lifupi, pansi patsale mzere woyera wa masentimita atatu ndi pang'ono. Mzerewo tinaudula, ndipo mayina onse analembedwa pa tsamba pansi pa chithunzi.

Cholakwa chachikulu ndinachidziwa patapita sabata ziwiri, nditabwerera kumudzi ndi envelopu ya zithunzi. Tinaziyala pa mphasa pakhonde, amayi, ana awo awiri ndi azakhali atazungulira. Amayi anazitenga chimodzichimodzi, osafulumira, mpaka envelopu inatha. Kenako anayambanso. Atafika kumapeto kachiwiri anafunsa, "Nanga malume a ku Ulongwe ali pati?" Mtima unandigunda. Anali mlongo wawo wa agogo aja, amene amakhala ku Vila Ulongwe m'boma la Angónia ku Mozambique, kungowoloka malire a Dedza. Anabwera pa njinga yamoto ya mdzukulu wawo, anafika mapemphero atayamba, anakhala kumbuyo, pa zithunzi za mabanja anali atapita kukaona mlongo wawo kunyumba, ndipo ku holo anachoka dzuwa likadalipo kuti akafike kwawo kusanade. Mtsikana wa kope sankawadziwa. Ine sindinafunse aliyense kuti mwa alendo a kutali ndani amene sayenera kuphonyedwa, ndipo funso limeneli linali langa. "Mlendo ndi mame," anatero amayi motsitsa mawu, osandidzudzula, koma ndinaona kuti zawakhudza. Bambowo ndi okalamba kwambiri, ndipo palibe akudziwa ngati adzawolokenso.

Tinafufuza. Ndinabwerera ku zithunzi zonse zimene ndinazisiya, ndikukulitsa mizere ya kumbuyo, ndipo ndinangopeza phewa ndi chipewa chawo. Mnyamata wina wa kwaya anali atawajambula pafoni akupatsana moni ndi mkwati pakhomo la holo, koma chithunzicho anachitumiza pa WhatsApp n'kufufuta chake, ndipo chinatifika chitadutsa m'mafoni angapo. WhatsApp imafinya chithunzi ngati sunachitumize ngati document, ndipo malumewo anali ku ngodya ya chithunzicho, ndiye titawadula panatsala kachithunzi kochepa zedi. Kuti chithunzi cha 10 kwa 15 chituluke chakuthwa chimafuna mapikiselo 1,200 kwa 1,800, ndipo ife tinalibe ngakhale theka lake. Ndinachitsuka cha masentimita asanu mbali zonse. Nkhope ikuzindikirika. Amayi anachotsa chithunzi changa china chokongola cha keke pa tsamba la agogo loyang'anizana ndi la velo, n'kuika kachithunzi kameneka pakati, n'kuuza mwana wawo kuti alembe mozungulira dzina, mfunda, mudzi ndi chaka chimene anasamukira kutsidyako. Kuchokera pamenepo, ukwati uliwonse ndimakhala pansi Lachisanu ndi mayi kapena azakhali a mbali iliyonse n'kuwapempha anditchulire okalamba ndi a kutali, ndipo Loweruka m'mawa wina amandilozera nkhope zawo.

Kumata kunatenga masiku awiri, ndipo ine ndinali wongolangiza. Guluu wa madzi wa kusukulu ndinamukaniza chifukwa amakwinyitsa chithunzi, selotepi nayo imasanduka yachikasu n'kusiya banga. Tinagwiritsa ntchito timakona tomata timene tinachokera ku Johannesburg pamodzi ndi buku, toti chithunzi chimangolowa m'ngodya zinayi ndipo ukafuna umachitulutsa. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse tinalemba nambala yake ndi pensulo yofewa, chifukwa bolopeni imadinda mpaka kutsogolo. Kansalu ka chitenje tinayamba takachapa kuti utoto ndi sitachi zichoke, ndipo azakhali anakasokera pa tsamba ndi singano. Maluwa awiri a mkwatibwi anali atauma kale pakati pa nyuzipepala, ndipo tinawaika mu kaenvelopu kakekake kuti asakhudze zithunzi. Lisiti la mphete linali la pepala lija la m'makina a m'sitolo limene zilembo zake zimafufutika zokha, ndiye tinamata fotokope yake. Satifiketi ya ukwati ndinangoijambula, yeniyeniyo ili ndi eni ake.

Mafayilo onse ndinapereka pa ma flash awiri, imodzi kwa akwati ku Lilongwe, ina inapita ku Johannesburg. Buku linatsala kwa amayi. Ndinawapempha kuti asalitsekere mu jumbo, chifukwa chinyontho chikalowamo sichituluka, ndiponso lisagone pansi kapena kutsamira khoma kumene chiswe chimadutsa. Analikulunga m'chitenje n'kuliika musutikesi pamwamba pa kabati. Ankhoswe akuchikazi analemba tsamba lawo tsiku lomwelo. La akuchimuna linali lisanalembedwe pamene ndinkanyamuka, ndipo amayi anati adzalitulutsa akadzabwera kudzaona mbeu ikamera.